Majini a ku Braamfontein

Ikamakwana naini koloko onse amakhala atatsika.
Timatsala atatu:
ine, makina ong'ung'udza m'chipinda chozizira,
ndi Bambo Mkhabela pageti, atakumbatira wailesi.

Lamlungu amayi anandifunsa pafoni,
paja ku Joniko umati umagwira yotani?
Ndinati ndimawerenga majini.
Kunali zii.
Kenako: mwanawe, uzipemphera.
Ndinaseka mpaka mayunitsi kutha,
koma mwina sanaphonye kwenikweni.
Awanso saoneka ndi maso,
amakhala mwa munthu osapempha malo,
wina akadzuka amagwedeza mnzake,
mnzakeyo mnzake,
mpaka munthu wathunthu kugona pamphasa.

Pagalasi pali timadontho zikwi makumi awiri,
ndipo pakati pake timaulusi ta uthenga:
iwe yaka, iwe zima, iwe dikira kaye.
Ndikayang'anitsitsa ndimaona Bree m'mamawa,
chala m'mwamba ndiye wa kutauni,
chala pansi ndiye wa pompano,
chikwangwani palibe, koma aliyense amafika.
Selo nalonso lili ndi renki yake.
Tsekani khomo limodzi lokha,
mzere ukafika ku Soweto.
Khomo limenelo ndi limene ndikufuna.

Mzere 417: mwamuna, zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu,
khumi ndi zisanu ndi zinayi za pansi pa nthaka.
Dzina sindiloledwa kulidziwa.
Ndimangodziwa kuti anatambasula mkono pakiliniki,
nasaina, napita kukadikira tekisi.
Malume anga a Lupiya anabwerako kuno
ndi bulangeti, sutikesi yachitsulo, ndi chifuwa.
Bulangetilo likadalipo.
Ndiye 417 ndimamupatsa chipewa chawo,
ngakhale sayansi siifuna zimenezo.

Lachinayi, cha m'ma thu koloko usiku,
timadontho makumi atatu ndi kamodzi tinasonkhana pakona
ngati anthu ozungulira mbaula mu Juni.
Ndinaimirira. Mpando unagwa.
Ndinabwereza kuwerengetsa katatu, timadontho osabalalika.
Ndinapita pazenera kukauza wina aliyense,
koma kunja kunali nsanja ya Hillbrow yokha
ndi galimoto yotola zinyalala.
Ndinati malume, ndakupezerani.

Kutacha Refilwe anabwera ndi khofi wake,
chikhoto asanavule n'komwe.
Anayang'ana, nafunsa funso limodzi:
magazi awa anatengedwa liti?
Tinatsegula kaundula.
Onse tsiku limodzi, Lachiwiri,
lija magetsi anazima maola anayi,
jenereta n'kukana, firiji n'kuyamba thukuta.
Anandigwira paphewa.
Chimene wapeza si matenda, anatero,
wapeza Lachiwiri.

Kompyuta siinama, ndikudziwa,
koma siisiyanitsa kulira kwa mapapo
ndi kulira kwa firiji.
Imakupatsa zonse m'lichero limodzi,
mankhusu ndi maso omwe,
kupeta n'kwako.

Ndiye ndachotsa Lachiwiri.
Pamodzi nalo apita anthu makumi anayi,
417 ali momwemo.
Ndinachedwa kudina batanilo.
Munthu anapereka magazi ake kwaulere
ndipo ine ndamufufuta ndi chala chimodzi,
chifukwa cha dizilo amene wina sanagule.

Mzinda uno unamangidwa pa mabowo.
Amati kuti upeze golide wokwana mphete
umafukula miyala yodzaza malole.
Milu yachikasu ija ili m'mbali mwa msewu
ndi ya anthu amene sanapeze kanthu tsiku limenelo,
mawa lake n'kutsikanso.

Usiku uno ndayambitsanso kuwerengetsa.
Makina akuti maola khumi ndi limodzi.
Ndazimitsa nyale, ndatsika masitepe
poti chikepe sindichikhulupirira.
Pageti Bambo Mkhabela akutsokomola m'chibakera,
akuti ndi mphepo chabe, mwanangu, ndi Juni uyu.
Ndawafunsa kuti chayamba liti.
Akuwerenga pa zala,
dzanja limodzi latha.